Mesiya Amene Anatemberera Kachewere Wanga

Ndikudziwa kuti ena mukamva izi munena kuti mutu wa nkhalamba wayamba kuzungulira, koma ine ndikunenetsa kuti zonse zimene ndalemba pano zinandichitikira ine ndemwe, masanasana, m'munda mwanga momwe, ndipo amene anandichita zimenezi si mizukwa ayi, ndi anthu amene mpaka lero ndimakumana nawo pamsika wa Tsangano, ena timapatsana moni, ena akandiona amayamba kufunsa mtengo wa tomato amene sakufuna n'kugula komwe. N'chifukwa chake sinditchula dzina la munthu. Kulemba ndinaphunzira imvi zitatuluka kale, kusukulu ya kwacha, choncho pamene cholembera chapita mokhota mundikhululukire, koma nkhaniyo ndi yowongoka.

Kwathu kuno ndi kumalire, ndipo malire ake ndi ongomva, moti nkhuku yanga imatha kudya ku Malawi n'kukaikira dzira ku Mozambiki. Kutsidya kumeneko, pa kaphiri kena kamene timakaona tili pakhomo, ndi kumene kunatulukira munthu wina zaka zingapo zapitazo, titangomaliza kukolola. Poyamba ankangopempherera odwala, ndipo ndani akanadandaula nazo zimenezo? Opempherera alipo ambiri. Koma pasanapite nthawi tinamva kuti munthu uja akukana kutchedwa mneneri, akuti aneneri onse ankanena za iye, ndipo iye ndi Mesiya amene wabweranso mwakachetechete. Ine ndinaseka, ndipo ndikanadziwa sindikanaseka. Munthuyo sanali wokuwa ngati alaliki a m'misika aja, ankayankhula motsitsa mawu moti unkachita kuyandikira kuti umve, ankayenda wopanda nsapato m'chisanu cha kwathu kuno, ndipo akakuyang'ana unkaona ngati akudziwa chimene chimakuliza ukakhala wekha. Omutsatira ankamutchula kuti Mwana wa Munthu.

Uthenga wake unali umodzi, wakuti Khirisimasi isanafike manda onse atseguka, akufa auka, ndipo dziko lino la khasu litha. Tsono aliyense wodzala mbewu chaka chimenecho ndiye kuti akumutsutsa iye, chifukwa wodzala amayembekeza kukolola, nanga ukolola liti dziko litatha? Inu amene simulima kachewere mwina simungamve kulemera kwa mawu amenewa. Ife mbewu ya kachewere timasunga yathu, pamthunzi, mpaka itatulutsa maso, ndipo banja limatha kugona ndi njala mbewuyo ili pomwepo osaikhudza. Koma chaka chimenecho ndinaona ndi maso angawa mabanja akuphika mbewu yophukira kale, yobiriwira, yowawa ija, n'kumadya akuimba, kenako n'kutseka nyumba kusamukira kumisasa ya pakaphiri paja. Sunali mudzi wonse ayi, koma mbali yathu ino inatsala yapululu, agalu okha akuyendayenda.

Mmodzi mwa opitawo anali mwana wanga wamkazi. Mwamuna wake anapita ku Joni n'kuiwala njira yobwerera, mayi ake, mkazi wanga, anali atatisiya kale, ndipo miyezi ingapo m'mbuyomo mwana wangayo anali ataika m'manda kamwana kake kotsiriza. Za imfa ya kamwanako ndili nazo zanga zimene zimandidya mpaka lero, ndipo sindizilemba pano, zimenezo ndi za ine ndi Mulungu. Ndingoti kuchokera pa maliro aja mwana wanga ankandipatsa moni akuyang'ana pansi. Tsono munthu wotere wina amuuze kuti Khirisimasi isanafike aberekanso mwana wake kumbuyo, mukuganiza kuti angamvere ndani, bambo ake kapena winayo? Anabwera m'mawa wina, nagwada pakhomo monga mwa ulemu wake, n'kundipempha kuti abambo, mbewu ija tiphike, musatitsekere kumwamba. Ine ndinamuyankha kuti mayi, ngati kumwamba kumatsekeka ndi dengu la kachewere ndiye kuti chitseko chake n'chachibwana, ndipo ana anu otsalawa ikadzafika Febuluwale sadzadya nyimbo. Anadzuka, natenga anawo, n'kuwoloka malire.

Mvula itayandikira ndinapita ku Tsangano kukagula feteleza kwa mnzanga wina wa Chisilamu amene ali ndi golosale pamenepo, munthu wanthabwala amene amanditchula kuti madala ngakhale imvi zake zimaposa zanga. Nditamufotokozera anaomba m'manja, akuti madala, kodi Mesiya uja wafika kwa inunso? Akuti munthu yemweyo anali atatuma anthu ake kwa Asilamu a pamsika kukawauza kuti amene iwo akumudikira, wotsogoleredwa ndi Mulungu uja, ndi iye yemweyo, ndipo iwo anawabweza ndi mawu akuti abwere yekha adzatsogolere mapemphero a Lachisanu ngati akuwadziwa. Anandiuza kuti m'chipembedzo chawonso anthu otere akhala akudzuka kuyambira kale, m'maiko a Aluya ndi kwina, aliyense ndi gulu lake, ndipo chimene amasiya m'mbuyo ndi amasiye ndi minda yosalimidwa. Akuti iwo anachenjezedwanso za wonyenga wamkulu amene adzachite zodabwitsa zenizeni, choncho chodabwitsa pachokha si umboni. Pondinyamulitsa thumba nkhope yake inasintha, n'kundinong'oneza kuti madala, musaope tsiku limene wanenalo, muope lotsatira lake.

Ndinadzala ndi mvula yoyamba, ndekhandekha, m'munda mwanga wotsetsereka umene unayang'anizana ndi misasa yawo, moti ankandiona bwinobwino ndikuwerama, ndipo ine ndinkachita dala kukweza khasu m'mwamba kuti aone. Kachewere anamera bwino zedi. Khirisimasi inafika, anthu anakakhala kumanda atavala zoyera, ndipo palibe ngakhale chulu chimene chinang'aluka. Ine ndinati basi, tsopano abwerera mitu ili pansi, mpaka ndinayamba kukonza mawu oti ndidzamulandire nawo mwana wanga osamuchititsa manyazi. Ndinali chitsiru. Munthu uja anawauza kuti iye anali wokonzeka, angelo anali okonzeka, akufa anali atadzuka kale m'mabokosi mwawo, koma pali munthu mmodzi amene wasoka nthaka ndi mizu ya mbewu zake, ndipo manda sangatseguke munthu ameneyo asanagonje. Alimi ena analipo ambirimbiri m'midzi ina, nanga bwanji ine? Chifukwa munda wanga ndi umene ankauona akadzuka ndi njala m'mawa uliwonse, wobiriwira, maluwa ali mbee.

Anabwera chakumapeto kwa Januwale, nthawi imene nkhungu inagona pamapiri osachoka, mvula ya mawawa ikungowaza osaleka. Ndinali ndikukwezera dothi m'mizere, ndipo nditadzutsa mutu ndinaona mzere wa anthu ovala zoyera ukutuluka m'nkhungu, osaimba, osayankhula, munthu uja ali patsogolo. Sanandipatse moni. Analowa m'munda pang'onopang'ono, akuwerama apa ndi apo, kugwira tsamba n'kulitembenuza ngati akulidalitsa, kenako anaima pakati n'kunena motsitsa muja kuti agogo, zulani mbewuyi ndi manja anu, mumasule akufa. Ndinamuyankha kuti mwana iwe, munda uno ndinaswa mphanje amako asanakubale, ndipo ngati ndiwe amene ukunenayo sukufunika manja a nkhalamba, uiuze mbewuyo ife yokha. Amayi ena anakuwa ngati ndawathira madzi otentha. Iye anangomwetulira, nakweza dzanja, n'kunena kuti Lamulungu lisanadutse kawiri munda uno ukhala wakuda ngati wapsa ndi moto.

Abale anga, ndikanakonda ndikanakuuzani kuti palibe chinachitika. Patangopita masiku ochepa masamba a kumunsi kwa munda anayamba madontho akuda, m'mawa mwake madontho aja akula, kenako mitengo yake n'kuyamba kufota, fungo la chowola lili guu munda wonse. Kutsidya kuja ng'oma zinalira tsiku lonse. Ine amene ndinkayankha mokula mtima uja ndinakhala pansi pakati pa mizere n'kumadzifunsa kuti kodi ndatukwana Mwana wa Mulungu maso ndi maso? Nanga ngati mdzukulu wanga akugogodadi pansi pa nthaka, ndipo amene wakhalira chitseko ndi ine? Mantha amenewo sindingafune kuti agwere ngakhale mdani wanga. Ndinafika potenga khasu kuti ndiyambe kuzula.

Chimene chinandiimitsa ndi dzanja langa lomwe. Ndisanagwetse khasu ndinagwira tsamba limodzi n'kulitembenuza, monga timachitira tonse olima kachewere nkhungu ikakhalitsa, ndipo kunsi kwake ndinaona kaufa koyera kaja. Chiwawu! Matenda amene ndalimbana nawo moyo wanga wonse, amene amabwera ndi chinyezi, koma mantha anali atandiiwalitsa dzina lake. Pomwepo ndinazindikira chimene munthu uja ankachita m'munda mwanga. Sankadalitsa masamba, ankawayang'ana kunsi. Anali mlimi wa kachewere ngati ine ndemwe, anaona matenda atayamba, ndipo anatemberera chinthu chimene chinali chikufa kale. Ndinaseka ndekha m'mundamo mpaka misozi, koma kuseka kwake kunali kwa mkwiyo.

Kupopera mankhwala kunali kutachedwa. Chiwawu chikafika pamenepo chotsala n'chimodzi, umadula mitengo yonse ya kachewere ndi chikwakwa n'kukaitaya kutali kuti matenda asatsikire ku mbatata zake zimene zili pansi, kenako umazisiya m'nthaka kanthawi kuti khungu likhwime. Ndinachita zimenezo. Koma a kutsidya ataona munda uli see, anaganiza kuti nkhalamba yagonja. Mwana wanga anabwera akuthamanga, atawonda moti chitenje chinkamuzungulira kawiri, nandigwira mapazi akulira, akuti zikomo abambo, zikomo, Mulungu akukhululukireni zonse. Zonse. Mawu amenewo ndinali nditawadikira kuchokera pa maliro aja, ndipo anabwera chifukwa cha chinthu chimene sindinachite. Ndikanatha kukhala chete n'kuwalandira, koma ndinamudzutsa n'kumuuza chilungamo, kuti mayi, ine sindinagonje, ichi ndi chiwawu, ndipo mbatata zili pansipa zikudikira ana anu. Anandiyang'ana ngati waona njoka m'dengu la ufa, nabwerera osatsanzika.

Munthu uja anali atalengeza kale tsiku lina latsopano, ndipo nalonso linadutsa ngati masiku ena onse. M'mawa mwake iye ndi anthu ake anabwera ndi makasu. Amene anawauza za mbatata za pansi sindinafunse, ndipo sindidzafunsa. Anandipeza m'munda, amuna amene ena mwa iwo ndinawanyamulapo ali makanda, nandigwetsa chagada pakati pa mizere iwiri, n'kundimanga manja ndi chingwe cha mbuzi. Munthu uja anati nthaka yakana kupereka akufa chifukwa yanamizidwa, tsono ipatsidwe wonamayo, ndipo mbatata zake zitemedwetemedwe kuti pasatsale yomera. Anandifunsa komaliza ngati ndikumuvomereza. Ndinamuuza kuti ndikuvomereza kuti ndiwe mlimi wa kachewere wodziwa chiwawu, ndipo ukanakhala ndi nzeru ukanabwerera kumunda kwa amako. Wina anandimenya pakamwa ndi mpini, mano ena ndinawasiya komweko.

Anayamba kugumula mizere ya mbali zonse ziwiri n'kumakokera dothi pa ine, kuyambira kumapazi. Inu simudziwa kulemera kwa dothi lonyowa. Likafika m'mawondo umaona ngati ng'ombe yakugonera, likafika pamimba mpweya umachita kuupempha. Ndinkaona nkhungu pamwamba, ndi nkhope za anthu owonda, maso atalowa m'kati, akuimba nyimbo ya kuuka kwa akufa uku akukwirira wamoyo. Kukuwa sikukanathandiza, nyumba zapafupi zonse zinali zawo zomwe zotseka zija. Ndinafunafuna mwana wanga ndi maso, ndipo ndinamuona ataima kumapeto kwa mzere, khasu lili m'manja, osalima, osaletsa.

Koma mizere imene ankagumulayo sinali ya dothi lokha. Mbatata zinayamba kugubuduzika, zoyera, zosalala, zina kugwera pachifuwa panga. Ndipo apa ndi pamene ndinaona chinthu chimene sindidzaiwala. Anthu aja analamulidwa kutema mbatatazo, koma anali ana a alimi a kachewere, ndipo dzanja limene lakula likukumba kachewere silitema mbatata, limalowetsa khasu cham'mbali mwa mzere n'kutukula. Ankakumba mwaukali, akunditukwana, koma mbatata zikutuluka zathunthu. Mayi wina amene anali ndi mwana kumbuyo anawerama ngati akuchotsa mwala, n'kuponya imodzi m'chitenje. Mnzake anaona, nayenso n'kutola. Bambo wina anapukuta ina pa mkanjo wake woyera uja n'kuiluma yaiwisi. Nyimbo inayamba kuzilala, ndipo munthu uja anakuwa koyamba chimudziwireni, akuti temani, temani, musatole, chimenecho ndi chakudya cha imfa, koma ndani ankamumva? Anthu anali akugona ndi njala kuchokera pa Khirisimasi. Makasu anachoka pa ine n'kuyamba kutsata mizere.

Ndili chigonere, dothi lili pachifuwa, ndinatembenuza mutu n'kuona mwana wanga atagwada, nayenso akutola. Koma iye sankangoponya m'chitenje ngati enawo. Zikuluzikulu ankaika kumanja, ndipo zapakati zija, zonga dzira la nkhuku, zopanda bala, ankaziika padera kumanzere, mmene mayi ake anamuphunzitsira ali mtsikana. Zimenezo sizikhala zodya, ndi mbewu. Sindikhulupirira kuti ankadziwa chimene manja ake akuchita. Ndinamuitana pakamwa pali magazi okhaokha, n'kumufunsa kuti mayi, izo mwaika paderazo mudzala liti, poti dziko latha? Anayang'ana kamulu ka mbewu kaja nthawi yaitali, kenako anagwira pakamwa, ndipo kulira kumene analira pamenepo kunaposa kwa pamaliro, chifukwa ndi tsiku limenelo pamene anavomereza kuti mwana wake sabwera chaka chino kapena chamawa. Anakwawa mpaka pamene ndinagona n'kuyamba kundifukula ndi zala.

Munthu uja sindinaone mmene anachokera. Ena amati anawoloka malire akuthamanga, ena amati anapita ndi mabanja angapo m'kati mwa Mozambiki ndipo akudikirabe tsiku lina. Apolisi atamva anapeza misasa ili yopanda anthu, komanso kunali kutsidya kwa malire kumene iwo analibe mphamvu. Munda wonse unakololedwa tsiku limodzi ndi anthu amene anabwera kudzandipha, ndipo ine ndinatsala ndi zimene mwana wanga anakulunga m'chitenje. Palibe anabwera kudzapepesa, kupatula mayi mmodzi amene anasiya nkhuku yomanga miyendo pakhomo n'kuthawa. Ena mpaka lero amanena kuti ndikanagonja msanga akufa akanauka. Anene. Chiuno changa sichinawongokenso, ndipo nkhungu ikatsika ndimamva kulemera pachifuwa, koma sindinasamuke ndipo sindisamuka. Mwana wanga amakhala pakhomo pano ndi ana ake. Za tsiku lija sitikambirana, za maliro ajanso sitikambirana.

Nditachira ndinayamba kufunsafunsa kwa aphunzitsi athu a kwacha ndi kwa abusa, ndipo ndinadabwa kumva kuti zathuzi si zachilendo. Akuti kalekale pakati pa Ayuda panadzuka munthu amene anthu anagulitsa katundu wawo kuti amutsatire, koma mfumu itamuopseza kuti imupha anasintha chipembedzo n'kuwasiya ali kakasi. Akuti ku China wina anadzitcha mng'ono wake wa Yesu, ndipo nkhondo yake inapha anthu osawerengeka. Akhristu, Asilamu, Ayuda, palibe amene anthu otere anawalambalala, ndipo mmene ine ndaonera, onse amalowera pa bala limene munthu ali nalo mumtima. Wathu uja sanagwire mwana wanga ndi ulaliki, anamugwira ndi manda a kamwana kake.

Ine ndimakhulupirirabe kuti Mwini wake adzabwera, ndipo ndili ndi zambiri zoti ndikayankhe pamaso pake, zimenezo sindikana. Koma sindikhulupirira kuti adzafunika kupha ana ndi njala kuti atsegule manda, kapena kuti nkhalamba imodzi ndi khasu lake ingamutsekere njira. Tsono inu anzanga a ku Biriwiri, ku Kasinje ndi kwina konse, wina adzabweranso, mwina wovala suti, mwina wolalikira pa foni, ndipo adzayankhula mokoma kuposa uja. Musatsutsane naye za malemba, adzakuposani. Mungomvetsera chimene akufuna kuti musiye. Akadzati siyani khasu, tayani mankhwala a kuchipatala, chotsani ana kusukulu, mutsekereni chitseko ngakhale atakutchulirani maina a akufa anu onse. Ine akadzandifuna adzandipeza kumunda, ndipo ngati dziko likutha mawa, lithe ine nditapalira.